Mbusa wa Akakowa

Chichokereni lole imene inanyamula nkhosa za a Hermínio, galu wawo Ardila anasiya kudya. Poyamba a Hermínio ankati ndi matama chabe. Anamupatsa buledi wonyika mumkaka, galuyo anangonunkhiza n'kutembenuka. Anamupatsa fupa la nkhumba, analisiya pakhonde mpaka nyerere zinachita nalo phwando. Tsiku lonse ankangogona pachipata cha khola lopanda kanthu, chibwano pansi, maso ali kumsewu kumene lole ija inalowera. Anali galu waubweya wambiri, koma nthiti zinayamba kuoneka ndithu.

Nkhosazo sanazigulitse mokonda. Mvula inavuta zaka zotsatizana, mabusa ozungulira mudzi anasanduka minda ya maolivi yotchingidwa ndi waya, ndipo maondo a eni ake anali atayamba kulira pokwera chitunda. Adokotala ananena kuti azigulitse, akazi awo a Deolinda ananenanso, ndipo a Deolinda akanena chinthu kawiri, kachitatu amakhala atachichita kale.

"Galuyu atifera pakhomo," anatero a Deolinda Lachiwiri m'mawa akuchotsa mbale patebulo. "Ndalankhula ndi achimwene anga a Custódio. Abwera Lamlungu kudzamutenga. Kwawoko nkhosa zilipo, akakhala ndi chochita."

"A Custódio? Munthu woweta nkhosa ali panjinga yamoto uja?"

"Bola iwo ali nazo zoti aziwete."

Mawuwo anawalasa a Hermínio pamtima, ndipo chopweteka kwambiri n'chakuti anali oona. A Hermínio anabwera naye Ardila kunyumba ali kamwana, atamuika m'thumba la chikhoti. Kwathu kuno kuchigawo cha Alentejo galu timamutcha dzina la mtsinje kuti asadzadwale chiwewe, ndiye naye anapatsidwa la mtsinje, ngakhale kuti moyo wake wonse madzi ankawadziwira m'chomwera cha nkhosa basi. Galu ameneyu ndiye ankagona kumapazi awo m'nyengo yozizira, ndiye ankamva madandaulo onse amene a Deolinda sanawamvepo. Kumupereka kunali kumupulumutsa. Koma a Hermínio akaganiza za pakhomo popanda nkhosa, popandanso Ardila, mpweya unkawathera.

A Deolinda anayang'ana mbale ya amuna awo, imene inali ngati mmene anaiperekera.

"Adyo wachuluka," anatero a Hermínio osafunsidwa.

"Dzulo munati wachepa."

Masana anabwera Telma, mwana wawo mmodzi yekhayo, ali m'zovala zake za kuntchito. Telma ankagwira ntchito kudamu, kumene kampani ina inayala masola, magalasi opanga magetsi kuchokera ku dzuwa, pamwamba pa madzi. Magalasiwo amakhala pa migolo yapulasitiki yolumikizana, yomangiriridwa pansi ndi zingwe, ndipo magetsi ake amadutsa m'chingwe kupita kumtunda. A Hermínio ankawatcha mawindo a nsomba. Damu limenelo analida kuyambira kale, chifukwa ndi limene linameza dambo lomwe anawetamo nkhosa kuyambira ubwana wawo, pamodzi ndi mtengo waukulu wathundu umene nkhosa zinkausapo dzuwa. Madzi atakwera analumbira pamaso pa anthu pabwalo la mudzi kuti sadzawaponda, sadzawamwa, sadzadya nsomba yake. Mwana wawo atapeza ntchito kumeneko anakhala mwezi osamulankhula. Kenako anapeza nzeru: munthu akafunsa, ankangoti Telma amagwira ntchito ya magetsi, osatchula kuti kuti.

"Mbalame zatikwana, amayi," anatero Telma akudziponya pampando. "Titsuke lero, mawa kwayera kale mbee ndi zitosi. Galasi likada, magetsi amachepa. Tinaika zidole zoopsezera, akakowa akugona pamapewa pake. Tinaika makina olira ngati mfuti, odzidzimuka ndife eni ake."

"Musiyeni kakowa," anatero a Hermínio. "Malo aja ndi ake. Ankatsatira nkhosa zanga pomwe paja inu musanabwere ndi mawindo anu a nsombawo."

"Mawindo omwewo ndi amene akuyendetsa firiji yanuyi, ababa. Kodi mukanakonda tiwayale pamtunda, tidye kabusa katsalaka? Pamadzi sitilanda malo a munthu. Madzi amaziziritsa magalasi, magalasi amatchingira madzi dzuwa kuti asaphwe msanga. Aliyense akupindula."

"Chikomekome cha mkuyu."

"Nyerere zake ndi akakowawo," anatero Telma akuseka. Kenako anasiya kuseka, n'kuyang'ana panja pamene panagona Ardila. "Abwana athu a Valdemar avomera kuti tiyese galu. Akuti kwina anayesa zinatheka. Galu azithamanga m'tinjira ta pakati pa magalasi, mbalame ziziopa. Akuti Lachisanu."

"Mutenge," anatero a Hermínio.

"Mukudziwa kuti sangandimvere ine."

A Hermínio anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana akazi awo, amene mwadzidzidzi anatanganidwa kwambiri ndi kupukuta mpeni woyera kale.

"Ine pamadzi paja? Ndinalumbira mudzi wonse ukumva!"

"Palibe akukukakamizani," anatero a Deolinda. "Lamlungu si patali."

Lachitatu a Hermínio anayesa kuyenda naye kuthengo, galuyo anangofika pakona ya tchalitchi n'kukhala pansi. Lachinayi anamupatsa tchizi cha mkaka wa nkhosa, chomaliza cha nkhosa zawo zomwe, chili m'dzanja. Ardila ananyambita dzanjalo mwaulemu, tchizi osachikhudza. Podzuka, miyendo yakumbuyo inadzandira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachisanu m'mawa Telma atafika ndi galimoto anapeza bambo ake ali chilili pachipata, avala chipewa cha kutchalitchi, ndodo yaubusa ili m'manja. Chikwama chawo chachikopa anali atachipeza chitapachikidwa kale pachitseko, muli buledi, tchizi ndi soseji, ngati kuti wina anadziwiratu.

Kudoko anawaveka jekete yoyandamitsa yofiirira ngati lalanje pamwamba pa chikhoti chawo chakuda, Ardila naye anamuveka kakeke. Tsoka ilo, pomwepo panali asodzi ambedza awiri a m'mudzi mwathu.

"Aaa, si a Hermínio awa? Lumbiro lija latha ntchito liti, madala?"

"Sindikupita ine," anayankha a Hermínio mosaseka. "Ndikuperekeza galu."

M'boti anakhala pakatikati, manja onse awiri atagwira ndodo, maso ali pansapato. Madzi sanafune kuwayang'ana, ngati mmene munthu amachitira akakumana ndi mdani pamaliro. Koma Ardila anakwawa mpaka kutsogolo, n'kukweza mphuno kumphepo, ndipo makutu amene anagwa milungu yonseyi anayamba kuima.

Boti litaima, Telma anawagwira dzanja n'kuwatsitsira pa kanjira kapulasitiki. Kanjirako kanatsika pang'ono n'kukweranso. Patsogolo pawo panali munda wonse wa magalasi akuda, mizeremizere, yopendeka kuyang'ana dzuwa, ndi tinjira todutsa pakati ndi m'mphepete. Apo ndi pamene anadzutsa mutu. Kumanzere anaona phiri lija lokhala ndi katchalitchi kogumuka pamwamba, kumanja chimwala chong'ambika pakati. Zinthu ziwirizi anaziona m'mawa uliwonse wa unyamata wawo, zitaima chimodzimodzi, ndipo panali malo amodzi okha pamene munthu akanaziona choncho. Anali ataima pamwamba penipeni pa dambo lawo. Anavula chipewa, n'kumanamizira kupukuta thukuta.

A Valdemar anali munthu wochepa thupi wa kumpoto, wolankhula mothamanga koma wamtima wabwino, ndipo sankasiyana ndi kakompyuta kam'manja koonetsa mphamvu ya magetsi. Anawapatsa moni a Hermínio ndi manja awiri, n'kuloza akakowa amene anali mbwee munda wonsewo, apa awiri, apo asanu.

"N'zosavuta, bambo. Mizere yapakatiyo taitsuka m'mawa uno, taonani mmene ikuwalira. Galu angothamanga, auwe, mbalame zimwazike zipite kwawo. Basi."

A Hermínio anagwedeza mutu. Anapisa zala ziwiri m'kamwa n'kuimba mluzu, wautali, wotsika kumapeto, umene anauphunzira kwa bambo awo. Sanaganize n'komwe. Mlomo unangochita zimene unazolowera.

Ardila analiyatsa liwiro. Koma sanalunjike kumbalame ayi. Anatenga kanjira kam'mphepete, kutali, atawerama, mchira pansi, osauwa ngakhale kamodzi. Akakowa a kumapeto atamuona anadumpha pang'ono n'kukatera mizere ingapo chamkati. Sanachite mantha enieni, pakuti kakowa ndi galu wa nkhosa anadziwana kale kumabusa. Galuyo anazungulira kuseri, n'kutulukira mbali inayo, ndipo a kumeneko nawo anasendera mkati. Miyendo yodzandira ija simukanaizindikira. A Hermínio anaimbanso mluzu wina waufupi, galu n'kukhota, anaimbanso, galu n'kufupikitsa bwalo. Posakhalitsa akakowa onse a pamundawo anali ataima mothithikana pakati, pa mizere yotsukatsuka ija, osatsalako ndi mmodzi yemwe. Ardila anagona chafufumimba, lilime panja, akuyang'ana mbuye wake kudikira kuyamikiridwa. Ndipo mbalame zikapanikizana zimachita zimene mbalame zimachita.

"Mayo ine," anatero a Valdemar akuyang'ana kakompyuta kaja. "Bambo, amwaze! Muuzeni amwaze!"

A Hermínio anapisanso zala m'kamwa, koma palibe chinatuluka. Anali ndi mluzu wa kumanja, wa kumanzere, wosonkhanitsa, woimitsa, woyendetsa pang'onopang'ono. Womwaza analibe. Bambo awo analibe, agogo awo analibe. Mbusa aumwazirenji gulu lake? Womwaza nkhosa ndi mmbulu.

"Ardila, thamangitsa!" anakuwa ndi pakamwa. "Pirikitsa, iwe!"

Galuyo anapendeketsa mutu, kuwayang'ana ngati munthu amene waledzera m'mawa. Kenako anaona kakowa mmodzi akufuna kupatuka pagulu, anadzuka mwachangu n'kukamubweza.

Telma anali atatembenuka, mapewa akunjenjemera. A Hermínio anavulanso chipewa, ulendo uno chifukwa cha manyazi.

"Pepani, abwana. Galuyu alibe mlandu. Wachita zimene anabadwira. Wolakwa ndine."

"Musadandaule, bambo, tinangoyesa," anatero a Valdemar akukanda m'mutu. "Pumulani kaye. Boti likubwezani masana." Anapita kukaitana anzawo a maburashi kuti adzatsukenso magalasi.

A Hermínio anaitana galu, n'kukakhala pansi kumapeto kwa mzere, chikwama atachiika pambali. Lumbiro analiphwanya, asodzi aja anali atafalitsa kale m'mudzi monse, ndipo Lamlungu linali likubwerabe ndi a Custódio ake. Anasisita mutu wa Ardila. Dzuwa linali litafika paliwombo, lija la kwathu kuno limene limathawitsa ndi abuluzi omwe.

Ali chiweramire choncho anayang'ana pampata wa pakati pa migolo, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana madziwo m'maso. Pansi pa magalasi panali mthunzi wobiriwira, ndipo mumthunzimo munali nsomba zikuluzikulu, zitaunjikana mitu pamodzi, zili phee, zipsepse zokha zikugwedezeka. Nkhosa zimatero masana, zimaika mitu pamodzi pamthunzi n'kudikira kuti dzuwa lipendeke. Mtengo wathundu uja unali cha pomwepo, pansi penipeni.

"Telma, tabwera udzaone."

Telma anakhala pambali pawo n'kusuzumira.

"Zikuusa," anatero bambo ake motsitsa mawu. "Pamalo pake pomwe."

Kenako Telma kuseka kuja anakubisa kunamuthawa, anaseka mpaka misozi.

"Ababa, nkhope ya a Valdemar! Takhala tikuvutika chaka chonse kuti zichoke, inu mwabwera kudzaziitanira msonkhano!"

"Useke bwino. Galu wamkota sakandira pachabe. Unayamba waona kusonkhanitsa kwaukhondo ngati kumene kuja? Ndipo zouluka!"

Telma anapukuta maso. Anayang'ana gulu la akakowa, limene linali litayamba kubalalika, n'kuyang'ananso galu.

"Ababa, ngati akutha kuzisonkhanitsa, sangathe kuziyendetsa?"

"Kuziyendetsa kupita nazo kuti? Ziweto umapita nazo kukhola. Khola lanu lili kuti?"

Telma analoza kum'mawa. Chapatali pang'ono panayandama migolo yotsala, yolumikizana ngati bwalo, yopanda galasi ndi limodzi lomwe. Omanga anaisiya pamenepo, ndipo inalibe ntchito. Anathamangira kwa a Valdemar. A Hermínio anawaona akukambirana, mwana akuloza uku ndi uku, abwana akupukusa mutu, kenako akutambasula manja ngati munthu woti wataya kale zonse. Anakwera boti awiriwo, n'kukoka migolo ija kudzaimangirira kumapeto kwa kanjira kapakati.

Ntchito yake sinali ya galu yekha. Poyendetsa ziweto galu amatseka mbali ina, mbusa mbali ina. A Hermínio anaimba mluzu wosonkhanitsa, kenako uja wapang'onopang'ono, n'kuyamba kuyenda m'kanjira kogwedezeka kaja ndodo atatambasula, akulankhula ndi akakowa ngati mmene ankalankhulira ndi nkhosa.

"Tiyeni, atsikana, tiyeni. Iwe wakhosi lalitaliwe, ukuyang'ana chiyani? Tsatira anzako!"

Maondo anawaiwala, lumbiro analiiwala, madzi akuya pansi pawo anawaiwala. Akakowa ankadumpha mzere umodzi, n'kuima, n'kudumphanso. Sizinayende bwino zonse. Ena ananyanyala n'kuulukira kumtunda, ena amakani anadumpha pamutu pa Ardila n'kukatera kumbuyo. Koma ochuluka anafika pamigolo yopanda kanthu ija, anaiyesa ndi mapazi, anaona kuti mpabwino, n'kuyamba kudzikonza nthenga. Ardila anagona pakhomo pa khola latsopanolo ngati kuti wakhala akuchita zimenezi chibadwire.

A Valdemar anaima manja m'chiuno.

"Mawa zibwereranso pamagalasi," anatero.

"Zibwerera," anavomera Telma.

"Ndiye kuti ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku imeneyi." Anakandanso m'mutu, kenako anayamba kuseka. "Bambo, sindikudziwa ndikalemba chiyani kuofesi, koma tiyese mwezi uno tione. Mungamabwere m'mawa uliwonse ndi boti loyamba?"

"Ine ndimangoperekeza," anatero a Hermínio. "Afunseni eni ake."

Anatembenuka kuti aloze galu, koma pakhomo pa khola panalibe. Anamuona kumapeto kwa mzere kuja, mutu wonse uli m'chikwama chachikopa. Soseji inali itapita kale, tchizi chinali chikupita, ndipo pepala lokulungira linali kulendewera pakamwa. Galu wosaba chibadwire, lero kuba masanasana abwana akuona! A Hermínio anatsegula pakamwa kuti amukalipire. M'malo mwake analira, nkhalamba yonseyo, itavala jekete yalalanje, pakati pa damu limene inalitukwana zaka zonsezi. Telma anawakumbatira, ndipo a Valdemar anapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane pa kakompyuta kawo.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Deolinda anali pakhomo, manja m'thumba la epuloni.

"Aimbireni a Custódio asavutike kubwera," anatero a Hermínio asanalowe n'komwe. "Galu walembedwa ntchito."

"Khalani pansi kaye."

Anawaikira msuzi wa buledi wotentha, wa adyo ndi mafuta a maolivi, dzira lili pamwamba. A Hermínio anayamba kufotokoza, supuni ikuloza uku ndi uku. Anafotokoza za mmene Ardila anazungulirira, za nkhope ya abwana, za nsomba zousa pamthunzi. Anati mawindo ajawo si oipa kwenikweni, kungoti anawayala anthu osadziwa ziweto, khola anayenera kuliika kumene mphepo imalowera, ndipo Lolemba akamuuza Telma. Ankalankhula uku akudya, mpaka anapukuta mbale ndi kachidutswa ka buledi.

"Mwawaimbira?"

"Ndani?"

"A Custódio!"

"Ndiwaimbire chiyani? A Custódio agalu ali nawo atatu, wina akamutani? Sindinalankhule nawo n'komwe."

A Hermínio anasiya kutafuna.

"Ndiye munkandinamiza? Inu ndi mwana wanuyo?"

"Galuyo ndinkamumvera chisoni ndithu," anatero a Deolinda. "Koma sindinakwatiwe ndi galu ine." Anaweramira n'kugwira nsonga ya lamba wa amuna awo, imene inali kulendewera. "Mabowo awa munaboola nokha ndi msomali, mutabisala kuseri kwa khola. Mumayesa sindiona? Osadya anali awiri m'nyumba muno, a Hermínio, ndipo ine ndinkaopa kuti ayambe ndani kufa."

Anatola mbale yopanda kanthuyo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene mbale imafunira. Kenako anatembenukira kumphika kuti nkhope yawo isaoneke.

"Adyo ali bwanji lero?" anafunsa.

"Ali bwino," anatero a Hermínio. "Onjezerani."